Apongozi Asanduka Bwana

Florø, 14 Januwale

Soizic wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli ndi moyo wabwino, iwe pamodzi ndi Amayi. Ine kuno ku Norway ndilipo, ndikupuma, kungoti dzuwa ndaiwala nkhope yake. Timalowa m'doko kuli mdima, n'kuweruka kuli mdima, ndipo kuwala komwe ndimaona masana ndi kwa moto wanga wowotcherera zitsulo. Sitima yomwe tikumangayi akuti tiimalize kukayamba kufunda.

Ukudabwa kuti Corentin wako wayamba liti kulemba makalata. Pafoni sitingalankhule, ukudziwa wekha. Amayi amafuna foniyo izikhala patebulo mawu ali pamwamba kuti nawonso azimva, ndipo ndikangoti, "Soizic, watopa?" amayankha ndi iwo: "Atope ndi chiyani? Kuno tonse tili bwino, iwe uzivala chipewa." Ndiye zathu tizikambirana papepala.

Nkhani ya galimoto ndaimva. Usamukalipire Armelle, mlongo wanga uja pakamwa pake sipagona nkhani, ndinamudziwa ali wakhanda. Akuti galimoto inalowa m'ngalande masanasana, ukuchokera kogula mankhwala a Amayi. Iwe unandiuza kuti inaterereka ndi matope. Matope ake ati, Soizic, msewu wa ku Douarnenez uli waphula wokhawokha? Unagona pachiwongolero. Sindikukalipa ayi, ndikuchita mantha. Chigwereni Amayi pamasitepe paja, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, sunagonepo kunja kwa nyumba ija. Kuwadzutsa ndi iwe, kuwasambitsa ndi iwe, kuwatembenuza ndi iwe. Ngakhale injini amaizimitsako kuti izizire.

Tsono tamva zomwe wabwera nazo Armelle yemweyo. Anapita ku ofesi yoona za okalamba kukafunsa za thandizo lomwe boma limapereka kwa Amayi, ndipo m'kucheza anatchula za envelopu ija timakupatsa mwezi ndi mwezi, ine ndi iye. Akuti mayi wa muofesiyo anachita kuvula magalasi. Ndalama yopatsa munthu chifukwa akusamalira wodwala ndi malipiro, kaya munthuyo ndi mpongozi kaya mwana wobereka wekha, ndipo malipiro sabisidwa kwa a msonkho. Armelle anandiimbira pompo: "Corentin, atimanga! Ine mphunzitsi wathunthu, ndikagone m'ndende chifukwa cha envelopu!" Ndinamuuza kuti asadandaule, ndizimubweretsera makrepu, zitumbuwa zopyapyala za kwathu zija, Lamulungu lililonse.

Koma njira ilipo, ndipo ndi yabwino. Lamulo limalola wokalamba kulemba ntchito wachibale wake, bola asakhale mkazi kapena mwamuna wake. Ndiye Amayi akhale olemba ntchito, iwe wolembedwa. Mwezi ukatha Armelle azilemba pakompyuta maola omwe wagwira, boma lizidula zake, thandizo la okalamba lija lizilipirako gawo lina, ife tiziwonjezera chotsala. Uyamba kusonkhera penshoni, ukadwala uzilandirabe kenakake, ndipo apa werenga kawiri: uzikhala ndi tchuthi. Tchuthi, Soizic! Ukwere ndege udzaone komwe mwamuna wako wakhala akuzizidwira zaka zitatu zino.

Galimotoyo upite nayo kwa Jakez, makaniko woyandikana nafe uja, ndipo akatchula zoposa mayuro 300 umuuze kuti ndimakumbukira yemwe anamuwotcherera geti. Mafuta otenthetsera nyumba ugule pano asanakwerenso. Phewa lija limandikumbutsako kukazizira, koma si nkhani.

Ine wako,
Corentin

Florø, 11 Febuluwale

Soizic wanga,

Moni wochokera ku chisanu. Ndasangalala kumva kuti chifuwa cha Amayi chatha ndipo iwe ulipo. Inenso ndilipo.

Kalata yako ndailandira, ngati imeneyo tingaitche kalata. Mizere isanu! Sitampa inali yodula kuposa mawu ake. "Ine sindisambitsa Amayi chifukwa cha ndalama. Ukufuna anthu kumsika azinena kuti Soizic amalipiritsa apongozi ake?" Ndawerenga, ndawerenganso, mpaka Tadek, mnzanga wa ku Poland yemwe timagona chipinda chimodzi uja, anafunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Nditamufotokozera anakhala tsonga pabedi. "Corentin, kwanu kuli akazi okana ndalama? Tandipatsa adilesi, ndikakwatire konko!"

Walembanso kuti za m'maenvelopu zonse zinkathera mafuta otenthetsera nyumba, matewera a Amayi ndi mankhwala opaka. Armelle atamva wapuma, akuti ndiye kuti sanali malipiro ndipo kundende sapita. Ine sindinapume. Ndiye kuti zaka zonsezi sunalandirepo kanthu, ine ndili kuno kudzitama kwa anzanga kuti mkazi wanga ndimamusamala. Ndachita manyazi, Soizic.

Ndimati vuto ukhala iwe wekha, osadziwa kuti chimphona chili kutsogolo. Lamulungu lija unatuluka kukaanula zovala, ndiye sunamve zonse. Armelle anawerenga fomu mokweza, atafika pa mawu akuti "wolemba ntchito" Amayi anamuimitsa.

"Wolemba ntchitoyo ndani?"

"Ndinu, Amayi."

"Ine? Bwana? Ine Perrine Kervella, amene ndinatsogolera sitiraka n'kuimitsa fakitale ya nsomba zam'zitini katatu konse? Mundiike kaye m'bokosi, mukatero mulembe pamwamba pake zomwe mukufuna."

"Amayi, ndi mawu a pafomu chabe."

"Mawu a pafomu ndi omwe anatidyera mapenshoni, mwana iwe. Anzanga akadzamva kuti Perrine ali ndi wantchito, pamaliro ndizikakhala benchi liti? La kutsogolo, ndi akazi a madokotala?"

Ndinaseka mpaka foni inagwa. Koma nditatola foniyo ndinaona kuti ndagwira njakata: wantchito akukana malipiro, bwana akukana ubwana. Nyumba yotero sindinaionepo.

Iwe tandiyankha funso limodzi. Namwino amene amabwera Lachiwiri kudzatsuka bala la Amayi amalandira malipiro. Kodi manja ake ndi ouma chifukwa cha zimenezo? Chikondi chako palibe angachigule, boma lilibe ndalama zake. Chomwe ndikufuna ine n'chakuti upume, ndipo ukadzakalamba usadzapemphe munthu ndalama ya sopo.

Kuno mowa botolo limodzi ukugulidwa mtengo wa nkhuku yathunthu ya kwathu, ndiye ndasanduka munthu wopemphera. Mwamuna wina wa m'gulu lathu amubweza kwawo sabata yatha, dokotala wa kampani atamuyeza msana. Sanatsanzike n'komwe. Zina tidzakambirana pamaso.

Mtengo wa maapozi uja uuze Jakez audulire mwezi uno usanathe. Iwe usakwere makwerero.

Wako yemwe uja,
Corentin

Florø, 3 Malichi

Amayi,

Ndikupereka moni ndi ulemu wonse. Ndamva kuti mukudya bwino ndipo mwayambiranso kukangana ndi wailesi, ndiye ndadziwa kuti mwachira. Ine ndili bwino, chipewa ndikuvala.

Kalata iyi ndi yanu nokha. Tengani galasi lanu lokuzira zilembo, khalani pawindo, ndipo musaing'ambe musanafike kumapeto. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye lero ndatsekula ndine.

Mukukumbukira chaka chomwe ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi? Ndinagwira ganyu yotsitsa mabokosi a nsomba padoko, mwini boti n'kundipatsa ndalama m'manja popanda pepala lililonse. Ndinabwera kunyumba ndikunyada. Inu munandigwira khutu kuchokera pakhomo mpaka padoko, anthu onse akuona, n'kukamuponyera ndalama zake bamboyo. Munati, "Ntchito yopanda pepala ndi ukapolo. Mulembeni mwanayu m'buku, apo ayi mawa palibe mkazi akhudze nsomba zanu." Khutu limenelo mpaka lero ndi lalitali kuposa linzake.

Munatiletsanso kugula buledi kwa wophika uja wa pafupi ndi tchalitchi chifukwa sankamupatsa tchuthi mtsikana wa pakauntala. Tinadya buledi wouma wa kutsidya chaka chathunthu. Sindinadandaule, ndinkanyadira kuti ndine mwana wa Perrine.

Tsono ine ndamva za nyumba ina m'tauni mwathu momwemo. M'nyumbamo muli mkazi wogwira ntchito usana ndi usiku. Loweruka amagwira, Lamulungu amagwira, Khirisimasi amagwira. Pepala alibe. Penshoni sakusonkhera. Tchuthi sanachionepo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwezi wa Januwale anagona akuyendetsa galimoto chifukwa chotopa, mwayi wake ngalandeyo inali yosazama. Inu anakuuzani kuti ndi matope, chifukwa sankafuna kuti mudandaule. Zikanakhala ku fakitale, Amayi, nyumba imeneyo mukanaichita chiyani?

Mukuti simufuna kukhala bwana. Pepani, koma ubwanawo munauyamba kalekale, kungoti ndinu bwana wosalembetsa, mtundu womwe munkadana nawo kwambiri. Sindikuti munachita dala. Tonse tinangozolowera, ine woyamba, chifukwa Soizic sadandaula. Koma inu munatiphunzitsa kuti wantchito wosadandaula ndi amene amafunika womulankhulira.

Ine kumuuza ndalephera. Akuti kulandira malipiro n'kugulitsa chikondi. Ndi inu nokha mungamuuze kuti thukuta lili ndi mtengo wake, ndipo kulandira mtengowo si manyazi. Inu amakumverani kuposa ine, ndipo sindimudabwa.

Mukasayina mudzakhala bwana, inde. Koma moyo wanu wonse munkauza mabwana mmene bwana wabwino ayenera kukhalira, ndipo palibe anamva. Mwina nthawi yakwana yoti muwaonetse.

Mukafuna kundikalipira, ndimaweruka sikisi koloko.

Mwana wanu,
Corentin

Florø, 7 Epulo

Soizic wanga, wantchito wodziwika kuboma,

Ndikhulupirira uli bwino, ndi abwana ako omwe. Ine ndili bwino kwambiri, dzuwa labwerera ndipo anthu a kuno akumakhala panja atatsinzina ngati amphaka.

Walira mvula walira matope! Ndimati ndikupezera mpumulo, osadziwa kuti ndikukupezera kapitawo. Paja Amayi anandiimbira okha tsiku lomwe analandira kalata yanga, foni anaimba ndi zala zawo, chinthu chomwe sanachitepo. Moni sanapereke.

"Corentin, ndiwe mwana wamwano."

"Pepani, Amayi."

"Usapepese, mwanowo unatengera ine. Uuze Armelle abwere Loweruka ndi fomu yake. Abwerenso ndi buku lonse la malamulo a antchito a m'nyumba, osati timapepala take tachidule. Ine sindisayina chinthu chomwe sindinawerenge."

Armelle akuti anawawerengera bukulo masana onse mpaka mawu anasasa, iwo akumuimitsa pamzere uliwonse: "Bwereza pamenepo. Zimenezo tinazimenyera ife, iwe usanabadwe." Zomwe Amayi anakuuza iwe utatseka chitseko cha kuchipinda sindikuzidziwa, ndipo sindifunsa. Wangolemba kuti munalira nonse awiri kenaka unasayina. Zandikwanira.

Koma kalata yako ya ulendo uno, masamba anayi! Ndamuwerengera Tadek zina mwa izo ndipo analira ndi kuseka. Zoti anakupatsa wotchi ya malemu Bambo kuti uziyang'ana nthawi yoweruka. Zoti ikakwana thwelofu amagogoda patebulo ndi supuni: "Nthawi yopuma! Khala pansi, mbalezo sizithawa." Zoti anakufunsa ngati walowa bungwe la ogwira ntchito, utati ayi n'kukukalipira: "Ndiye ndikayamba kukupondereza ukadandaula kwa ndani?" Tadek akuti mayi ameneyo abwere adzakhale bwana wa doko lino, tonse tinenepa.

Nanga za msonkho! Pepala lako loyamba la malipiro lafika, ndipo wakwiya kuti boma ladula zake usanazione n'komwe. Takulandira, mkazi wanga, ife tinayamba kulira kalekale. Koma usadabwe nazo. Zina mwa zodulidwazo ndi za penshoni yako ndi zakuchipatala, msonkho weniweni ndi pang'ono. Pepalalo ulisunge m'chitini cha mabisiketi momwe muli zikalata za nyumba, ndi ena onse obwera. Chaka chamawa podzalemba za msonkho malipiro ako adzaonekera okha pafomu yathu, ife n'kungoona ngati zikugwirizana. Armelle akuti nawonso Amayi boma lidzawabwezera gawo la zomwe akulipira. Atawauza anati, "Waona? Ukangokhala bwana boma limayamba kukukonda."

Ndaona kuti wakwiya mizere iwiri, koma wajambula mzere pansi pa dzina lako pomwe palembedwa kuti wolandira malipiro. Ndimakudziwa, Soizic. Wanyada, ndipo inenso ndanyada.

Malipiro oyambawo usagulire mafuta a nyumba. Ndikamva kuti wagula matewera ndikakusumira kwa abwana ako. Gula nsapato, kapena jasi lochindikala, chifukwa kuno ngakhale mu Juni mphepo imaluma.

Wako,
Corentin

Florø, 5 Meyi

Soizic wanga,

Ndikufunira moyo wabwino. Ine ndilipo. Masiku angapo anandipatsa ntchito yopepuka ya m'nyumba yosungira zida, koma ndabwerera kale pasitima. Usafunse zambiri, sizachilendo pa msinkhu wathu.

Kalata yako yandikhudza. Sindinaganize kuti sewero la Amayi lingafike pokupweteka. Ukuti Lamulungu lija anakana kuti uwapese tsitsi chifukwa linali tsiku lako lopuma, n'kukhala tsiku lonse mutu uli nyankhalala. Ukuti madzulo unawabweretsera tiyi, iwo n'kukankha kapu: "Waweruka, sindilandira." Ndipo iwe unapita kukhitchini kukalira, ukudzifunsa ngati pepala lija lakuchotsa pa umwana n'kukusandutsa mlendo wolipidwa.

Ndinawaimbira Lachitatu uli kumsika. Sindinawanyengerere.

"Amayi, mwamuliza Soizic."

Anati, "Ine ubwanawu sindiudziwa, Corentin. Ndikuopa kumubera ngakhale mphindi imodzi. Ndamubera kale zambiri."

"Ndiye mukakana tiyi wake mukumubwezera?"

"Usandiphunzitse, khutu linalo lilipo."

Zomwe zatsatira wandiuza wekha papositikhadi yomwe yafika dzulo. Akuti masana ndiwe wantchito, ukaweruka ndiwe mwana wawo, ndipo mwana saloledwa kuimirira pamene mayi ake akhala. Ndiye madzulo tiyi mukumwa nonse, iwo akusenda apozi ndi manja awo onjenjemerawo n'kumakupatsa, kenaka makhadi. Uchenjere, amabera. Bambo anamwalira asanawinepo.

Tsopano za tchuthi. Amayi akuti masabata awiri mu Juni, masiku omwe wapeza kale ndi ena okupatsiratu. Iwe ukuti ayi. Zifukwa zako ndaziwerenga zonse: Armelle sadziwa kuwanyamula kuchoka pabedi, sadziwa kuti supu amaifuna yopanda mchere koma ya batala wambiri, sadziwa kuwenga zikhadabo za kumapazi. Zoona zonsezo. Aphunzira. Amaphunzitsa ana a eni masamu, alephera kuphunzira supu?

Chifukwa chenicheni sunachilembe, koma ndachiwerenga pakati pa mizere. Ukuopa kuti china chake chichitika iwe kulibe. Inenso ndimaopa zomwezo tsiku lililonse, ndili kutali kuno. Koma ndimaopanso ngalande ija, Soizic. Ulendo wina mwina siidzakhala yosazama.

Ndakusowa. Ndalemba poyera kuti usanene kuti sunamve. Ndikabwera kwathu pa Khirisimasi ndimakuona kumsana kokha, ukuthamanga ndi beseni. Ndikufuna ndidzakuone kumaso, utakhala pansi, wopanda chogwira m'manja.

Tikiti ikukwera mtengo sabata iliyonse. Ine sindigula usanavomere.

Wako,
Corentin

Florø, 26 Meyi

Soizic wanga,

Moni, moni! Ndili bwino, ndipo lero ngakhale phewa likuseka nawo.

Nkhaniyi ndaimva mbali zitatu: kwa iwe, kwa Armelle, ndi kwa Jakez yemwe akuti anaima pageti sipanala ili m'manja. Ndiye usakane chilichonse. Lolemba m'mawa unabwera ndi beseni, n'kupeza chitseko cha Amayi chili chokhoma, pakhonde patakhala agogo atatu, anzawo akale a ku fakitale omwe anawakhomera chitsekocho, ndodo zawo zili pamiyendo, aliyense ndi chivundikiro cha poto. Amayi ali m'kati akufuula:

"Sitiraka! Sindisamba, sindidya, mpaka wantchito wanga asayine tchuthi!"

"Amayi, tsekulani, madzi akuzizira!"

"Azizire! Wokana tchuthi ndi wogulitsa anzake. Ife tinamenyedwa ndi apolisi kuti anthu azipuma, iwe n'kumakana?"

"Nanga bwana amachita sitiraka?"

"Uyu amachita!"

Agogo aja n'kuyamba kumenya zivundikiro, akuimba nyimbo zawo za kufakitale, wina mano oikirira akugwedera. Jakez akuti msewu wonse unatuluka, ndipo wa positi anaimika njinga n'kuvula chipewa. Iwe unaopa kuti anthu kumsika azikunena. Tsopano akunenadi, koma akuti Soizic ndi wantchito yekhayo m'dziko la France amene bwana wake anamunyanyalira kuti apume. Unalimba mpaka nthawi ya mankhwala a m'mawa, kenaka unagonja. Sindikukuseka. Ndikukuseka pang'ono.

Zoti Armelle amulemba ganyu ya masabata awiri, ndi pepala lakelake ndi msonkho wake, zandimaliza. Akuti Amayi anamuuza kuti, "Uli poyesedwa. Ukathira mchere mu supu ndikuchotsa."

Tikiti ndagula, ndaika m'kalata muno. Ukwere sitima ya pamtunda ya m'mawa yopita ku Paris, Jakez akuperekeza kusiteshoni. Ndege utsikire ku Bergen, ine udzandipeza pakhomo potulukira, ndidzavala malaya abuluu aja unandigulira. Kuchokera apo tidzakwera boti. Tadek wavomera kukagona kwa anzake, ndipo watsuka chipinda koyamba chibwerereni kuno. Undibweretsere batala wamchere wa kwathu ndi botolo limodzi la mowa wa maapozi, ulikulunge m'juzi. Zina zonse ziliko.

Ndakonza ulendo wa paboti wokaona zilumba, ndi wina wokwera phiri. Ndapempha masiku asanu kuntchito. Ndikuwerenga masiku ngati mwana wasukulu.

Wako amene akudikira,
Corentin

Florø, 19 Juni

Amayi, kapena ndinene kuti Abwana,

Ndikupereka moni. Ndamva kwa Armelle kuti muli bwino, kuti mwamuchenjeza kale kawiri, ndipo kuti zikhadabo anawenga popanda kutulutsa magazi. Mumupirire, ndi wantchito watsopano. Ine ndili bwino.

Ndikulemba kuti ndipereke lipoti la wantchito wanu wamkulu. Anafika bwino Loweruka. Anatuluka pabwalo la ndege atavala jasi latsopano lofiira, logula ndi ndalama zake, ndipo ndinachita kuyang'ana kawiri. Batala anafika, botolo silinasweke. Paboti anandifunsa katatu ngati Armelle akudziwa kuti mapilitsi oyera ndi a m'mawa. Kachitatuko sanamalize funso, mutu unali kale paphewa langa, lomwe lija lovuta. Sindinasunthe mpaka tinafika.

Ndinakonza zambiri, Amayi. Zilumba, phiri, nyumba yodyera nsomba yomwe mtengo wake sindikuuzani kuopa mungadwale. Palibe chomwe tachita. Mwana wanu analowa m'chipinda, anavula nsapato, anati, "Ndingotsamira pang'ono," ndipo kutsamirako kunafika Lamulungu masana. Kuno masiku ano sikuda ngakhale usiku, ndiye ndinapachika bulangete pawindo. Atadzuka anadya buledi ndi tchizi chofiirira cha kuno, anati chikukoma ngati sopo wothira shuga, anamaliza mbale yonse, n'kufuna foni kuti akuimbireni. Ndinamukumbutsa lamulo lanu lakuti akaimba kuposa kamodzi pasabata mumudula malipiro. Anaseka, anatukwana pang'ono, n'kugonanso.

Dzulo tinayendako mpaka padoko. Ndinamuonetsa sitima yathu ndi mzere womwe ndinawotcherera ine. Anaona kuti povala jekete dzanja langa lamanja silikukwera bwino. Sanakalipe. Anangoti, "Zimenezo tikambirana ndikamaliza kugona." Ndiye konzekani, mwina pakhala sitiraka ina, ndipo ulendo uno wonyanyalidwa ndikhala ine.

Tinakhala pabenchi kuyang'ana madzi. Manja ake anali pamiyendo, opanda beseni, opanda thaulo, ndipo ankawayang'ana ngati ndi a munthu wina. Anati, "Corentin, ndilibe chochita." Ndinati ndi chimenecho amachitcha tchuthi. Anati n'chovuta kuposa ntchito, koma achiphunzira.

Amayi, zikomo. Ndinakulemberani mawu owawa mu Malichi ndipo munawameza. Mwandibwezera mkazi wanga. Ndasangalala kwambiri moti sindikudziwa poika nkhope.

Boti la kuzilumba linali la lero m'mawa. Lapita, ndaliona pawindo likutuluka m'doko, mipando yathu iwiri ili yopanda anthu. Wantchito wanu akadali mtulo, pakamwa pali yasa, akuliza mkonono womwe sindinaumve kwa zaka zambiri chifukwa ankagona khutu limodzi lili kuchipinda kwanu. Ndakhala pampando pambali pake, nsapato ndavula kuti ndisachite phokoso. Sindimudzutsa.

Mwana wanu,
Corentin